Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: nanga akamutsekera njira yobwerera?

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambi uwu ndi wa potsanzikana. Mnyamata akapeza malo kusukulu yakutali, kapena mtsikana akaitanidwa kuntchito ku Kitwe ngakhale ku Johannesburg, amalume ndiwo amaunena, ndipo amakweza mawu kuti amve mayi amene akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mulekeni apite, mlongo wanga. Za pakhomo pano waziona zonse." Mayi amangogwedeza mutu, chikwama chimakwezedwa pabasi, nkhani yatha. Kuno ku Chongwe mwambiwu supuma, chifukwa boma lathu linakhala panjira ziwiri zotulukira. Msewu wa Great East umatidula pakati, uku ukuloza ku Lusaka, uko ku Chipata ndi ku Malawi. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene anthu amangoti la ku Lusaka, lili m'dera la boma lino. Ambiri ochoka m'Zambia pandege, dothi lomaliza kuliponda ndi la Chongwe.

Amene anapeka mwambiwu ankaidziwa mitsinje. Pitani kumtsinje wa Chongwe mu Okutobala wa chaka cha chilala, dzuwa likuswa mtengo, anthu a kwa mfumu Nkomeshya akuyang'ana kumwamba ndi kukonzekera mwambo wa Chakwela Makumbi. Madzi oyenda mudzawasowa m'malo ambiri. Mudzapeza maiwe otalikirana, matope ong'ambika pakati pawo, ndi ziboda za ng'ombe zitadinda n'kuumira m'dothi. Kumunsi, kumene mtsinjewu umathira mu Zambezi, ng'ona imaidziwa nyengo yotere. Imachoka padziwe pa zifukwa ziwiri. China n'chakuti yakula, tinsomba ta pamenepo sitikuikwaniranso. China n'chakuti dziwe laphwa, kapena zazikulu zaipirikitsa. Kukwawa pamchenga wotentha n'kumodzimodzi, koma ulendo woyamba ndi wofuna, wachiwiri ndi wothawa. Mwambi wathu umatchula ulendo, chifukwa chake n'kuchisiya chosanena.

Ndasankha kuuyesa pa anthu ojambula zithunzi za anthu anzawo, popeza ntchito yawo siitha kubisa. Mlimi akasamuka, chimanga chake chimabereka ngati cha wina aliyense, ndipo simungaloze pachitsononkho n'kunena kuti mwini mundayu akusowa kwawo. Wojambula anthu ndi wina. Utoto ndi chinsalu angagule paliponse, koma chuma chake chenicheni ndi nkhope, mapewa, kayendedwe ndi kakhalidwe ka anthu amene maso ake anawazolowera. Akapita kutali, zimene mtunda wamuchita zimatulukira pachinsalu, aliyense n'kuziona.

Tiyambe ndi munthu amene mwambi unamukwanira ngati unapekedwera iye. Henry Tayali anabadwira ku Serenje mu 1943, koma anakulira ku Bulawayo, kumene bambo ake ankagwira ntchito, monga ankachitira anthu ambirimbiri a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland masiku amenewo. Luso lake linaonekera komweko, ndipo chionetsero chake choyamba anachichita ali ndi zaka 15. Zambia italandira ufulu anabwera kwawo, kenaka anapita ku Makerere, ku Uganda, kumene anamaliza maphunziro a zojambula mu 1971. Mu 1972 anawoloka nyanja kupita kusukulu yotchuka ya zaluso ya ku Düsseldorf, ku Germany, ndipo atabwerako anakhazikika pa Yunivesite ya Zambia. Serenje, Bulawayo, Kampala, Düsseldorf, Lusaka: dziwe lililonse linamuwonjezera kanthu. Bulawayo, mzinda wa njanji ndi mafakitale, unamupatsa khamu. Kampala inamupatsa aphunzitsi ndi anzake ochokera m'mayiko ena a mu Africa. Germany, dziko la mbiri yaitali ya zithunzi zodinda ndi thabwa losema, inamulimbitsa dzanja.

Chithunzi chake chodziwika kwambiri, Destiny, anachijambula m'zaka za m'ma 1960 akadali mnyamata. Mukaima patsogolo pake, maso amasowa popumira. Anthu ali piringupiringu, ena asenza zitsulo, ena agwira mafosholo, aliyense akuthamangira kwake, ndipo kumbuyo kwawo kwaima mzinda waukulu ukufuka utsi. Mwini nkhani ndi khamu lenilenilo, anthu wamba amene anasiya midzi yawo kukamanga mizinda ya eni. Mwana amene anakulira m'mudzi umodzi, osaonapo chipata cha fakitale m'mawa anthu akulowa, sakanachijambula chithunzi chimenechi. Apa mwambi uli ndi umboni wosatsutsika.

Zaka zikupita, dzanja la Tayali linamasuka. Mizere yosalala ya paunyamata inasanduka mikwingwirima ya utoto wokhuthala, matupi n'kuyamba kulowererana, moti pena umayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti uzindikire kuti ukuyang'ana anthu. Koma anthuwo sanachokemo. Ankajambulabe a m'misika, a m'makomboni, a m'nyumba zomwera mowa, osauka opanikizana pamalo amodzi. Ankasemanso, ndipo chiboliboli chake, The Graduate, chaimabe pa Yunivesite ya Zambia, m'mbali mwa msewu womwewu umene umabwera ku Chongwe. Njira zojambulira anakazitenga kutali, koma ojambulidwawo anali oti akatuluka pakhomo m'mawa, akumana nawo pamsewu.

Tisanawombe m'manja, tione chimene chinachititsa kuti mwambi umukwanire. Khomo la kwawo linali lotsegula. Anachoka ngati wophunzira, anabwera ngati mphunzitsi, ndipo palibe wapolisi anamudikirira pabwalo la ndege. Imfa inamupeza kunja, ku Aachen ku Germany, mu Julayi 1987, ali ndi zaka 43 zokha, koma inamupeza ali paulendo, nyumba yake ili ku Lusaka. Thupi lake linabwera kudzaikidwa kwawo. Lero malo a ojambula a ku Showgrounds ku Lusaka amatchedwa ndi dzina lake, ndipo pa Ngoma Awards pali mphotho ya dzina lake. Kuyenda kunamukuza chifukwa kunali ndi kobwerera.

Tsopano tsekani khomolo, muone zimene zimatsala. Gerard Sekoto wa ku South Africa, wobadwa mu 1913, anajambula moyo wa ku Sophiatown, ku District Six ndi ku Eastwood: ana akusewera m'misewu yafumbi, amayi akuchapa, akaidi akukumba ndi mapiki. Mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumbayo. Mu 1947 ananyamuka kupita ku Paris mwa kufuna kwake, kuthawa tsankho ndi kukafuna dziwe lalikulu. Chaka chotsatira chipani cha National chinatenga boma, tsankho n'kusanduka lamulo la dziko, ndipo Sekoto sanadzapondenso kwawo mpaka anamwalira ku France mu 1993. Kuti apeze chakudya ankaimba piyano m'malo achisangalalo usiku. Masana ankajambulabe makomboni a kwawo kuchokera m'mutu, pamene Sophiatown yeniyeniyo boma linayamba kuigwetsa mu 1955.

Taganizani za munthu amene akujambula msewu umene kulibenso. Chaka chilichonse mtundu wa fumbi umazilala m'chikumbukiro, maonekedwe a dzuwa la masana amasokonekera ndi a dziko lozizira, ndipo palibe woti n'kumufunsa kuti kodi khonde lija linali mbali iti. M'zaka za m'ma 1960 Sekoto anajambula mitu yambiri ya akazi a ku Africa ndi utoto wabuluu, nkhope yayikulu yodzaza chinsalu, yopanda msewu kumbuyo, yopanda nyumba, yopanda mnansi. Ambiri odziwa zaluso amati ntchito yake yamphamvu koposa ndi ya asanachoke. Kodi anakula ku Paris? Anakula ndithu, dzina lake linamveka. Koma mwambi sutiuza kuti munthu angathe kukula mbali imodzi mbali ina ikufota.

Kutali kwambiri ndi kuno, Bahman Mohasses wa ku Iran, dziko limene kale linkatchedwa Persia, anafika nawo ulendowu pamapeto owawa. Anabadwira ku Rasht, pafupi ndi nyanja ya Caspian, mu 1931. Mu 1953 boma la nduna yaikulu Mohammad Mosaddegh linagwetsedwa mothandizidwa ndi Britain ndi America, ndipo mu 1954 Mohasses anapita ku Rome kukaphunzira zojambula. Anabwerera kwawo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, najambula, nasema, natsogolera masewero, namasulira mabuku a olemba a ku Italy ndi ku France m'chinenero cha kwawo. Chakumapeto kwa zaka zomwezo anabwereranso ku Rome. Ulamuliro wachipembedzo utalowa mu 1979, zosema zake za matupi osavala zinasowa malo, ndipo zina zimene zinaima poyera zinachotsedwa kapena kuwonongedwa.

Anthu a m'zithunzi za Mohasses ndi oopsa kuwayang'ana. Matupi ndi olemera ngati osemedwa pamwala, miyendo yowonda, mitu yaing'ono kapena yopanda maso ndi mphuno. Ankabwereza chilombo cha m'nthano za Agiriki, cha thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe yamphongo, champhamvu koma chosowa kolowera. Ankabwerezanso nsomba, mwana wa m'mbali mwa nyanjayu, ndipo kawirikawiri zinali nsomba zakunja kwa madzi. Chithunzi chimene anachikonda kuposa zonse, Fifi Howls from Happiness, ndi thupi lofiira limene pamalo pa nkhope pali dzenje lakuda lokhalokha. Dzina likunena za chisangalalo, chinsalu chikukuwa. Tayali anadzaza chinsalu ndi khamu, Sekoto anatsala ndi nkhope imodzi, Mohasses anachotsa ndi nkhope yomwe.

Choopsa kuposa zonse anachichita yekha. Atakalamba anawononga ndi manja ake zithunzi zake zambiri, posafuna kusiyira kanthu dziko limene ankaona kuti silinamumvetse. Anakatsirizira moyo m'chipinda cha hotela ku Rome, ambiri kwawo akuganiza kuti anamwalira kalekale. Kumeneko ndi kumene Mitra Farahani, wojambula mafilimu wa ku Iran, anakamupeza, ndipo Mohasses anamwalira mu Julayi 2010 ntchito ya filimuyo ili m'kati. Filimuyo inatuluka mu 2013 ndi dzina la chithunzi chofiira chija, chimene iye anachisunga pafupi mpaka tsiku lomaliza. Munthu ameneyu anasambira m'maiwe akuluakulu, anadziwa zinenero, anatchuka. Mukamuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mwamuuza zoona, koma simunamutonthoze ngakhale pang'ono.

Komabe tisafulumire kunena kuti mtunda wokha ndiwo unafafaniza nkhope zimenezi. Chithunzi chofiira chija n'cha 1964, nthawi imene khomo la kwawo linali lisanatsekeke. Chinamuswa mtima poyamba ndi zimene anaona kwawo komweko: chiyembekezo cha anthu chikuponderezedwa, anthu n'kuzolowera kukhala chete. Pali dziwe limene limakhala lodzaza madzi koma madziwo atawawa. Munthu angathe kukhala mlendo pabwalo pamene anabadwira, akulankhula chinenero cha amayi ake koma wopanda womumva. A ku Malawi amene anakhalapo m'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi amazidziwa izi. Wolemba ndakatulo David Rubadiri anatula pansi udindo wa ukazembe mu 1965 n'kukhala kunja zaka zambiri, pamene wolemba ndakatulo mnzake Jack Mapanje anatsala, n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Wochoka ndi wotsala, onse anachotsedwa pakati pa anthu awo. Mwambi umawerenga maiwe, madzi ake suwalawa.

Ulinso ndi chinthu china chimene umachichita mwakachetechete: umachepetsa wotsala. Yendani pamsika wa Chongwe muyang'ane makoma. Pakhoma la shopu yometera pali mitu inayi kapena isanu ya anyamata, uliwonse ndi kametedwe kake, yojambulidwa ndi penti yamafuta yopakira zitseko. Khutu lina lakula kuposa linzake, koma mzere wa tsitsi pamphumi wawongoka ngati wodulidwa ndi lumo, ndipo diso likuyang'ana ndi kunyada kumene mumakuona pa anyamata a pasiteji ya basi. Pa butchala pali ng'ombe ya linunda, pa saluni pali mayi wa mangongo. Amene anajambula zimenezi mwina sanapitirire Lusaka, ndipo dzina lake silinalembedwe pansi. Koma amawadziwa anthu ake mpaka kapendekedwe ka chipewa. Kuyenda kumakuza m'lifupi, kukhala kumakuza kuya, ndipo wojambula anthu amafuna zonse ziwiri. Chimene wotsalayu akusowa si ulendo wokha ayi. Akusowa womuonetsa ntchito za anzake, womugula pamtengo woyenera, ndi womuuza kuti alembe dzina lake pakona.

Mwambi umaiwalanso kuti dziwe lachiwiri lili ndi eni ake, ndipo nthawi zina eni akewo ndi ife. Lusaka inasunga atsogoleri ndi anthu wamba a chipani cha ANC cha ku South Africa zaka zambiri, ndipo nyumba imene mtsogoleri wawo Oliver Tambo ankakhala ku Avondale ikusungidwa ngati chikumbutso. Ku Mayukwayukwa, ku Meheba ndi ku Mantapala kuli anthu othawa nkhondo, ndipo pakati pawo sipangalephere kukhala mwana amene amajambula nkhope ya agogo ake ndi khala pakhoma kuti asaiiwale. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa ku Malawi, wolemba ndakatulo wothawa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo anthu amachoka m'mizinda kupita kumsasa kukaona luso la othawa kwawo. Mlendo amakula ngati eni dziwe amupatsa malo. Akamuyang'ana ndi diso lakumbali, amangopulumuka, osakula.

Alendo ena anatibwezera zoposa zimene tinawapatsa. Andrew Sardanis anabadwira ku Cyprus, nafika m'dziko lino mu 1950, ndipo ku Chaminuka, m'boma lomwe lino la Chongwe, iye ndi banja lake anasonkhanitsa zithunzi ndi zosema mazanamazana za amisiri a mu Africa. Cynthia Zukas anachokera ku Cape Town, ndipo mwamuna wake, Simon Zukas, anathamangitsidwa m'dziko lino ndi boma la atsamunda mu 1952 n'kudzabwerera pa nthawi ya ufulu. Mayi ameneyu ndiye anatsogolera kukhazikitsa Lechwe Trust mu 1986, bungwe losunga ntchito za amisiri a m'Zambia. Anthu odziwa kuwawa kwa kusamuka ndiwo anafulumira kuona kuti chithunzi nachonso chimafuna kwawo.

Pakuti zithunzi nazo zimatchona. Destiny inagulidwa n'kupita ku England, ndipo inakhala kumeneko zaka zambiri, ana a anthu ojambulidwamo osaiona. Inabwerera Tayali atamwalira kale, Lechwe Trust itaigula. Sizinachitike zokha. Panafunika anthu okumbukira kuti chithunzicho chilipo, ofunsa kumene chili, ndi otulutsa ndalama. Zithunzi za Mohasses zimene anaziwononga palibe adzazibweze. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi sikuli pa luso la ojambulawo. Kuli pa zimene anthu a kwawo anachita, ndi zimene wojambula anakhulupirira kuti anthu a kwawo adzachita.

Agogo athu amene anapita ku Halale, ku Bulawayo ndi ku Joni ankasiyanitsa bwino wapaulendo ndi mtchona. Wapaulendo ankamusungira munda, mtchona ankamulira ali moyo. Choncho anthu omwewo amene anatipatsa mwambi wa ng'ona ankadziwa kuti suima wokha, ndipo anatisiyiranso wina wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Miyambi iwiriyi siikangana. Woyamba umatsegula khomo kuti mwana atuluke, wachiwiri umaletsa kulitseka akatuluka. Amene amanena woyamba wokha nthawi zambiri amakhala akudzichotsera udindo: wapita, akakula, za iye zatha. Boma lopondereza lingaunenenso mwambi womwewo kwa wojambula amene lamupirikitsa, n'kuloza kutchuka kwake kunja ngati umboni wakuti silinamulakwire.

Chigamulo changa n'chakuti mwambiwu ndi woona pa dzanja ndi pa nzeru, koma uli ndi ngongole imene suitchula. Kuyenda kumakuza munthu amene ali ndi kobwerera, amene kwawo akumusungira malo, ndiponso amene kofikirako amulandira ngati munthu. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, luso lingathe kukulabe, koma mwini wake amalipira ndi moyo wake, ndipo nkhope za m'zithunzi zake zimayamba kuchepa. Ngongoleyo ndi ya ife otsala. Tisalole kuti munthu achoke chifukwa chojambula kapena kulemba zimene akuluakulu sakuzifuna. Wochoka mwa kufuna kwake tizimufunsa za ntchito yake, osati za ndalama zokha zimene atumize. Wofika pakati pathu akuthawa, timufunse chimene manja ake amadziwa.

Ndipo inu aphunzitsi a m'boma la Chongwe, kuyambira a ku pulayimale mpaka a ku Chalimbana kumene amaphunzitsa aphunzitsi, Lusaka ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45. Nyumba ya zithunzi ya Lechwe Trust inatsegulidwa mu 2018, malo a Henry Tayali ali ku Showgrounds, The Graduate yaima panja poti aliyense aione. M'kalasi mwanu muli mwana amene amadzaza masamba akumapeto a kope lake ndi nkhope za anzake, ndipo mwina mwakhala mukumukalipira kuti akuwononga pepala. Sonkhani ya basi, mupite naye akaone zimene munthu wa ku Serenje anachita ndi luso lomwelo.